Momwe mungasandutsire zinyalala za mumsika kukhala manyowa ogulitsa

Suzumirani mu sikipi (chibini chachikulu chotayamo zinyalala) ya pa msika wa Limbe kapena wa Wakawaka ku Lilongwe: zambiri ndi makoko a nthochi, masamba a kabichi, tomato wophwanyika, zotsala za mbatata ndi fumbi la kosesa. Tomato ndi kabichi ndi madzi okhaokha, kuposa magawo 90 pa 100 aliwonse. Choncho lole ya khonsolo ikamapita kumalo otayira zinyalala ku Mzedi kapena ku Area 38, mafuta ambiri akuthera kunyamula madzi ndi mchenga. Njira ili m'munsiyi ndi ya ofesala wa khonsolo kapena komiti ya msika imene ikufuna kuti zowolazo zizithera pafupi, nkutulukamo manyowa.

1. Yezani kaye kwa sabata imodzi

Musakhulupirire za pakamwa zoti "pano timadzaza sikipi tsiku lililonse". Tengani sikelo yopachika ndi matumba, muziyeza zowola pazokha, mapulasitiki pawokha, makatoni pawokha, ndipo tsiku la msika waukulu lisaphonyeke. Mukapeza kuti zowola zikufika makilogalamu 500 pa tsiku, anthu anayi kapena asanu okhala ndi mawilibala awiri akwanira. Zikapitirira matani awiri, manja okha sangathe kutembenuza.

2. Kusankhula kuchitikire pa benchi

Zinyalala zikasakanikirana mu sikipi, basi zawonongeka. Khalani pansi ndi wapampando wa msika komanso atsogoleri a zigawo, makamaka a zamasamba ndi zipatso, mugwirizane za mabini awiri: la zowola ndi la zina zonse. Migolo yodula pakati imagwira bwino ntchito, bola muiboole pansi. Imeneyi sibedwa kawirikawiri ngati mabini okongola a pulasitiki aja, amene sabata isanathe mumawapeza akusungira madzi kunyumba za anthu. Za ku butchala ndi matumbo a nsomba zisalowe, zimaitana agalu, makoswe ndi ntchentche. Mabatire, magalasi ndi matewera a ana nazonso ayi.

Timajumbo topyapyala tosafika ma micron 60 tinaletsedwa mu 2015, koma mutipezabe tambirimbiri. Ikani munthu mmodzi wongotola timeneti pamalo okhuthulira zowola, ali ndi magolovesi ndi majombo.

3. Malo opangira manyowa

Asankheni otsetsereka pang'ono, osachepera mamita 30 kuchoka pa chitsime kapena mjigo, ndipo kumtunda kwake mukumbe ngalande yopatutsa madzi a mvula. Kumunsi kukhale dzenje laling'ono lolandira madzi akuda otuluka m'milu. Amenewa asapite mumtsinje. Tonse tikukumbukira kolera wa 2022 mpaka 2023. Mlangizi wa zaumoyo awone malowo musanayambe, ndipo nkhani ya mwini malo ithe polemba.

4. Zouma: apa ndi pamene ntchito zambiri zimafera

Anthu amaganiza kuti vuto lidzakhala kusowa zinyalala kapena kusowa madzi othirira. Ayi. Chimene chimapha ntchito ya manyowa a mumsika ndi kunyowa kopitirira, ndipo mankhwala ake ndi zinthu zouma zimene mumsika mulibe. Mulu wa tomato, kabichi ndi mango okhaokha umatsika m'masiku atatu okha, nkusanduka phala. Mpweya sulowa, tizilombo tofunika mpweya timafa, nkutsala tija tonunkhitsa. Kenako fungo la mazira owola, madzi akuda kuyenderera, mphutsi, madandaulo kwa khansala, ndipo mwezi usanathe malo atsekedwa.

Zouma zake ndi mapesi a chimanga oduladula, makoko a mtedza, mankhusu a mpunga, udzu wouma, masamba osesedwa m'misewu ndi makatoni ong'ambang'amba opanda selotepi. Nthawi yozitolera ndi Meyi mpaka Julaye, anthu atangokolola, asanayambe kutentha minda. Mukadikira Disembala, pamene mango ali mbwee ndipo mvula ikugwa tsiku ndi tsiku, simupeza phesi louma ngakhale limodzi, pomwe ndi nthawi imene mukuzifuna kwambiri. Werengerani motere: wilibala imodzi ya zowola za mumsika imafuna wilibala imodzi ya zouma nthawi yachilimwe, ziwiri nthawi yadzinja. Chulukitsani ndi masiku a kuyambira Novembala mpaka Epulo, muwona kuti mukufunika shedi yeniyeni yosungiramo, osati kamulu ka pakona.

Utuchi umathandiza koma musaudalire wokha. Ndi wosalala kwambiri, umatseka mpweya, ndipo umachedwa kuwola. Chenjeraninso ndi ogulitsa: ena amathira madzi kapena mchenga pansi pa thumba, ena amasakaniza ndi utuchi wa matabwa onyikidwa m'mankhwala a chiswe, amene amaoneka obiriwira. Woterowo usalowe m'manyowa opita ku dimba. Khuthulani thumba limodzi pamaso pa mwini wake musanalipire, ndipo mugwirizane mtengo pa ngolo kapena pa lole, osati pa thumba.

5. Kumanga mulu

Pansi yalani mapesi osadula kapena tinthambi, kukhuthala masentimita 15, kuti mpweya uzilowera pansi. Pamwamba pake zowola masentimita 15, zouma masentimita 15 kapena 20, kenako ndowe pang'ono kapena manyowa akale fosholo zingapo, nkubwerezanso. Mulifupi mamita 1.5 mpaka 2, msinkhu osapitirira mita 1.5, mulitali ndi monga malo alolera. Kabichi wathunthu ndi maungu muziwadula ndi chikwanje. Musapondereze mulu ndi mapazi ayi. Pamwamba penipeni pazikhala zouma nthawi zonse, ndizo zimatchinga ntchentche.

Tsopano tapani za mkati mwa mulu kudzaza dzanja, mufinye mwamphamvu. Madzi akatuluka m'mipata ya zala nkumadontha, zanyowa kwambiri: phwasulani, onjezani zouma. Zikamwazika mutatambasula dzanja, zauma: wazani madzi ndi kheni. Zoyenera zimagwirana ngati chibumi, dzanja nkungonyowa, mwina kadontho kamodzi. Fungo la mkodzo likutanthauza kuti zobiriwira kapena zitosi za nkhuku zachuluka, ndipo mankhwala ake ndi omwewo, zouma. Phulusa la m'mbaula musathire lambiri, limathamangitsa nayitirojeni, chakudya cha mbewu chimene mlimi akuchifunacho.

Mvula ikamagwa fundani lona, koma lisagone pa mulu mpaka pansi. Ikani mitengo kuti mphepo izidutsa m'mbali. Pepala lakuda lokulunga mulu wonse limasunga thukuta, nkukubwezerani ku phala lija.

6. Kutentha ndi kutembenuza

Pofika tsiku lachitatu mkati muzikhala madigiri 55 mpaka 65. Kutentha kumeneku ndi kumene kumapha njere za udzu, mazira a njoka za m'mimba ndi matenda a mbewu, ndipo kukhalepo pafupifupi masabata awiri. Kukadutsa 70, tembenuzani tsiku lomwelo. Choyezera kutentha chachitali ndi chodula ndipo chimasowa m'mashopu. Chitsulo chomangira nyumba cha mita imodzi chimakwanira. Chizikeni pakati kwa mphindi khumi, muchisolole. Ngati simungachigwire nthawi yaitali, mulu uli bwino. Chikatuluka chozizira ndi chonyowa, bwererani pa gawo 4.

Tembenuzani ndi foloko masiku anayi alionse m'masabata awiri oyamba, za kunja zilowe mkati, kenako kamodzi pa sabata. Mulu uliwonse ukhale ndi chikwangwani cha tsiku limene unamangidwa, ndipo wakale musauwonjezere zatsopano.

7. Kukhwima, kusefa, kugulitsa

Pakatha masabata 8 mpaka 12 mulu umakhala utatsika kufika theka, wazizira, wakuda, ukununkhira dothi. Usiyeni masabata ena atatu pamthunzi. Sefani ndi waya wa mabowo a mamilimita 10. Zokhakhala zibwerere mu mulu watsopano. Fesani njere 20 za mpiru m'chitini cha manyowawo: zikamera zochepa kapena zachikasu, sanapse. Manyowawo akhale ouma ndithu polongedza m'matumba, apo ayi matumbawo amawola.

Ogula enieni ndi a madimba, a nazale za mitengo ndi maluwa, ndi nthambi ya khonsolo yomwe yosamalira mapaki. Musawauze kuti thumba la manyowa likufanana ndi thumba la feteleza, adzakutsutsani akakolola. Auzeni kuti amakonza nthaka ndi kusunga chinyontho. Ndalama za manyowa zokha sizilipira antchito onse, choncho mu lipoti lanu muziwerengeramo maulendo a lole amene apulumuka.

Mabotolo a pulasitiki, zitini ndi makatoni ouma, mangani pazokha mugulitse pa kilo. Yezani pa sikelo yanu wogula asanafike, chifukwa masikelo ena amadya kilo imodzi pa khumi alionse, ndipo risiti ilembedwe pomwepo katundu asanakwere galimoto.