Phikani nandolo ngati Amwenye, akale ndi alero

Nandolo wambiri amene alimi akummwera amagulitsa kwa mavenda amakathera ku India, komwe amamuchotsa makoko n'kuphika ndiwo yotchedwa dal. Siisiyana kwenikweni ndi chipere chathu. Ine ndimaiphika m'magawo awiri, kuti lilime lidzimvere lokha mmene zakudya za kumeneko zasinthira.

Gulani makapu awiri a nandolo wouma mumsika waukulu wa Mzuzu, zokometsera mukafunse kumsika wa Taifa. Mviikeni usiku wonse, m'mawa mumufikise m'manja mpaka makoko ayandame, muwatsanule. Madzi a mu June kuno amaluma zala, koma musazembe ntchito imeneyi, chifukwa wamakoko sasalala.

Muwiritseni ndi theka la supuni yaing'ono ya turmeric ndi jinja wosinja mpaka aphwanyike yekha mukatakasa ndi mthiko. Pambaula limakwana ola. Thirani mchere ndi tsabola wakuda, kenako lawani musanaonjezere kanthu, n'kupatulako pang'ono m'mbale ina. Kakomedwe kameneka n'kakale zedi: akatswiri anapeza zotsalira za turmeric ndi jinja m'miphika ya zaka zoposa 4,000 ku Farmana, kumpoto kwa India. Nthawi imeneyo tsabola wofiira kunalibe. Wofiirayo asanabwere, chowawitsa ndiwo kwa zaka zambiri chinali tsabola wakudayu, yemwenso anakokera Mpwitikizi Vasco da Gama ku doko la Calicut ku India mu 1498.

Tsopano gawo la alendo. Tsabola wowawa kwawo ndi ku America, ndipo anafika ku India ndi Apwitikizi, amene analanda Goa mu 1510. Tomato ndi mbatatesi nazonso n'zobwera, zinazolowereka mochedwa. Tenthetsani mafuta m'kapoto, ponyanimo njere za cumin zithetheke, kenako anyezi, adyo, tomato awiri ndi kambuzi mmodzi. Mmodzi ndithu, ana anga akaona awiri amathawa mbale. Zikapsa, khuthulirani mu nandolo muja zili chithethekere, muvundikire msanga fungo lisathawe. Amwenye amati tadka. Kunena zoona, ine ndimakonda yachiwiriyi, ngakhale yoyamba ndi imene imamveka nandolo weniweni.

Ambiri angadyere mpunga wa Kilombero, ndipo palibe cholakwika. Koma mpunga ndi tirigu zinachuluka chonchi m'mbale za Amwenye ndi Green Revolution ya m'ma 1960, pamene mbewu zatsopano, feteleza ndi ulimi wothirira zinakankhira pambali mapira ndi mawere. Ku Karnataka, kummwera kwa India, mpaka lero amadyabe nsima ya mawere, ragi mudde. Ngati muli ndi ufa wa mawere wochokera ku Chitipa, phikani nsima yolimbirako, mudyere dal yoyamba ija.