Intakomu ya pageti: mmene imagwirira ntchito ndi waya woyenera kuika

Ku Ulongwe, ku Moatize ndi mumzinda wa Tete ku Mozambique, nyumba zambiri za mpanda zili ndi kabokosi ka pageti kamene mlendo amadina kuti alankhule ndi eni nyumba. Kusitolo mukati interfone adzakumvani msanga, ena amati intakomu. Kabokosiko sikafa wamba. Chimene chimagwetsa ntchito kawirikawiri ndi waya wa pakati pa geti ndi nyumba.

Munthu akalankhula, mpweya umagwedeza kachikopa ka maikolofoni, ndipo kugwedezekako kumasanduka magetsi ochepetsetsa, mamilivoti owerengeka chabe. Ampulifaya imawakuza, waya amawanyamula, sipika ya mbali inayo n'kuwabwezera kukhala mawu. Mu intakomu zakale, sipika imodzimodziyo ndiyo imakhalanso maikolofoni, chifukwa koyilo (waya wokulungidwa wa mkati mwa sipika) ikagwedezeka pafupi ndi maginito imapanga magetsi. N'chifukwa chake zimakhala ndi batani lolankhulira: mukalidina, sipika yanu imalumikizika polowera pa ampulifaya ndipo ya kugeti potulukira, mukalisiya, zimasinthana. Awiri sangalankhule nthawi imodzi. Zamakono zogwira kukhutu ngati foni zili ndi maikolofoni payokha ndi sipika payokha, choncho onse amalankhulana mosadikirana.

Musanagule waya, onani kuti makina anu ndi a mtundu uti. Ena amafuna mawaya awiri okha: magetsi a DC (oyenda mbali imodzi, ngati a batire) ndi mawu amayenda pa mawaya omwewo, ndipo kachipangizo kotchedwa kapasita ndi kamene kamawalekanitsa, popeza kamatsekereza DC koma kamalola mawu kudutsa. Ambiri a mtunduwu safuna kusemphanitsa pulasi ndi mainasi, ndiye tsatirani zizindikiro za pa bokosi. Ena ndi a mawaya asanu, olembedwa 4+1: wobwerera wa onse, wa mawu opita, wa mawu obwera, wotsegula loko, ndi wa belu. M'nyumba zosanjikizana anayi oyambawo ndi a onse, koma khomo lililonse limakhala ndi waya wake wa belu.

Magetsi a EDM, kampani ya magetsi ya ku Mozambique, ndi mavoti 220, ndipo thiransifoma ya intakomu imawatsitsa kufika pa 12 kapena pafupi pamenepo. Thiransifomayo ikhale m'nyumba, pouma. Musapititse 220 kukabokosi ka pageti ngati makinawo sanapangidwire zimenezo. Geti lachitsulo, mvula ndi dzanja la mwana siziyenera kukumana ndi magetsi otere.

Tsopano nkhani ya waya. Waya aliyense amadya gawo la magetsi odutsamo, ndipo akakhala woonda kapena wamtali amadya kwambiri. Ambiri amakonda waya wa kompyuta wa Cat5e chifukwa amapezeka paliponse. Kachingwe kamodzi ka mkati mwake kali ndi ma ohm (muyeso wa mmene waya amakanizira magetsi) pafupifupi 9 pa mamita 100. Geti likakhala pa mamita 50, magetsi amayenda 50 kupita ndi 50 kubwerera, ndiye ma ohm 9 athunthu. Kwa mawu ochokera ku maikolofoni palibe vuto. Koma loko wamagetsi wa mavoti 12 wofuna ampeya imodzi adzalandira mavoti 7 okha. Mudzamva kaphokoso koti "tche" kapena kung'ung'uza, geti osatseguka, ndipo mwini nyumba adzagula loko wina pachabe.

Mankhwala ake ndi kupatsa loko mawaya akeake a mkuwa a 1 mm², amene ali ndi ma ohm 1.75 pa mamita 100. Pa mtunda womwewo loko adzalandira mavoti opitirira 10. Ngati Cat5e munakwirira kale, phatikizani tizingwe totsala: tiwiri popita ndi tiwiri pobwerera timadula ma ohm aja pakati. Chenjeraninso ndi waya wolembedwa CCA. Mupaleni ndi mpeni. Akayera mkati, ndi aluminiyamu wokutidwa mkuwa, amadya magetsi kwambiri ndipo amathyokera pansi pa sikulu.

Phokoso longa la njuchi m'mawu limachokera ku magetsi a EDM aja, amene amasinthasintha ka 50 pa sekondi (50 Hz). Limabwera mukalowetsa waya wa intakomu mu paipi imodzi ndi wa nyali ya pageti kapena wa mota yokoka geti. Akhale m'mapaipi osiyana, otalikirana masentimita 30 kapena kuposa, ndipo pamene ayenera kudutsana adutsane mopingasa. Mawu ayende pa tizingwe tiwiri topotana limodzi, osati kamodzi ka peyala iyi ndi kena ka peyala ina. Kulira kwa likhweru n'kwina: maikolofoni ikumva sipika yake. Tsitsani voliyumu pa kasikulu ka kumbuyo kwa bokosi, ndipo onani ngati mphira wozinga maikolofoni uli m'malo mwake.

Pokwirira, waya alowe mu paipi ya PVC yakuya masentimita 30 mpaka 40, wopanda mfundo pansi pa nthaka. Chiswe ndi makoswe amadya chikopa cha waya, ndipo mfundo yokulungidwa ndi tepi imalowa madzi mvula yoyamba. Ku Tete dzuwa la Okutobala ndi Novembala limapitirira madigiri 40, limaumitsa waya wa pamtunda mpaka kung'aluka, choncho woyenda pa mpanda atchingidwenso. Kabokosi kaikidwe mamita 1.5 kuchokera pansi, kadenga pamwamba, silikoni pamwamba ndi m'mbali, koma kunsi kusiyidwe kuti chinyezi chizituluka. Ku mapiri a Angónia ndi Tsangano, kumene mphenzi imavuta nthawi ya dzinja, pewani waya wolendewera m'mwamba ndipo muzizula thiransifoma kukayamba kugunda.

Intakomu ikasiya kugwira, yambani kuyeza mavoti potulukira pa thiransifoma ndi multimeter, chipangizo choyezera mavoti ndi ma ohm. Akakhala bwino, zimitsani magetsi, masulani mawaya mbali zonse ziwiri, potani awiri pamodzi kugeti, ndipo muyeze ma ohm m'nyumba. Pa mamita 50 a Cat5e muyembekezere 8 mpaka 10. Multimeter ikapanda kusonyeza kanthu, waya waduka. Kenako alekanitseni, muyezenso. Apa isasonyeze kanthu. Ikasonyeza nambala, tizingwe tikukhudzana kapena mu paipi muli madzi. Zonsezi zikakhala bwino, tsegulani kabokosi ka pageti muone masikulu obiriwira ndi dzimbiri komanso nyerere zomanga pa batani la belu.