Kuphunzitsa "will" ndi "going to": funsani kuti maganizowo abwera liti

Aphunzitsi anzanga a Chingerezi, kuyambira Sitandade 7 mpaka Fomu 4, mukamachonga zimangirizo sabata ino muonetsetse ziganizo zonena za m'tsogolo. M'makope ambiri a m'sukulu za mu Lilongwe muno mupeza "will" ali ponseponse. Ulendo wa kumudzi umene makolo anakonza mwezi watha, mwana walemba "will". Mvula imene ikuoneka kale, "will" yemweyo. Nthawi zina chiganizocho sichikhala cholakwika kwenikweni, koma sichinena zimene mwanayo amafuna kunena.

Gwero lake lili m'chinenero chathu. M'Chichewa timayang'ana kutalika kwa nthawi: "ndipita" ndi lero kapena posachedwa, "ndidzapita" ndi mawa kapena kutsogolo. Tsono ana amangoloweza kuti paliponse pali -dza- aikepo "will", ndipo ena amafika poganiza kuti "going to" ndi wa zinthu zapafupi zokha. Chingerezi sichiyendera pamenepo. Funso lake lalikulu ndi lakuti: munthuyu maganizowa wawapanga liti, pompano akulankhula kapena anali nawo kale?

Akawapanga pompano, ndi "will". Foni yalira pa tebulo, wina n'kuti "I'll answer it." Magetsi azima usiku: "I'll get a candle." Mayi watsika minibasi ku depoti ndi thumba la ufa, mnyamata n'kumuthamangira: "I'll carry it for you." Palibe amene anadzuka m'mawa ndi cholinga chimenecho. N'chifukwa chake kudzipereka kuthandiza ndi kulonjeza kumatenganso "will".

Akakhala kuti anaganiza kale, ndi "going to". Mlimi wa ku Mitundu amene wasunga kale mbewu yake anena kuti "I am going to plant soya this season." Mtsikana wa Fomu 4 amene mtima wake uli pa unamwino anena kuti "I am going to study nursing," ngakhale zaka zidakalipo kuti akafike kumeneko. Chitsanzo chachiwirichi muzichigwiritsa ntchito kwambiri, chifukwa chimachotsa ganizo lija loti "going to" ndi wa lero lokha.

Njira imene ndimaikhulupirira koposa ndi yotenga nkhani imodzi n'kuiseweretsa kawiri. Itanani ana awiri kutsogolo. Woyamba anene kuti "There is no salt in the house." Ulendo woyamba mnzakeyo achite ngati akumva kumene, adabwe, ayankhe kuti "Really? I'll buy some." Ulendo wachiwiri mupatseni ndalama m'manja asanayambe, kuti kalasi yonse ione kuti anali atanyamuka kale kupita ku okala, ndipo ayankhe kuti "I know. I'm going to buy some." Mchere ndi womwewo, okala ndi yomweyo, nthawi yogula ndi yomweyo. Afunseni ana kuti chasintha n'chiyani, ndipo musafulumire kuwauza. Akapeza okha, sadzaiwala.

Kalasi ikakhala yodzadza, ana atakhala pansi mpaka kutsogolo kwa bolodi, musataye mtima. Agaweni awiriawiri pomwe akhalapo. Mmodzi azitchula vuto, monga cholembera chatha kapena pabolodi pada, mnzake aziyankha ndi "I'll". Kenako asinthane, ndipo aliyense auze mnzake zinthu ziwiri zimene wakonza kuchita pa tchuthi. Sipafunika buku kapena tchati. Tsiku lina mungolowa m'kalasi mutasenza makope ambiri, n'kuima pakhomo mpaka wina atanena yekha kuti "I'll help you, madam."

Pali mtundu wachitatu umene ana athu sauzolowera, wonena zimene zapanganidwa kale ndi anthu ena, tsiku ndi malo zikudziwika. Tikiti ya basi ya ku Mzuzu ili m'thumba: "I am travelling to Mzuzu on Friday." Mwapangana ndi aphunzitsi aakulu: "I am meeting the headteacher tomorrow." Apa ndikupemphani kufatsa ndi cholembera chofiira. Mwana akalemba "I am going to meet the headteacher tomorrow" sanalakwe, eni chinenerocho amanena zonse ziwiri. Za ndandanda yokhazikika, monga ya mabasi kapena ya mayeso a MANEB, zimangonenedwa chonchi: "The bus leaves at 7 o'clock."

Polosera, kusiyana kuli pa umboni. Mu Disembala mitambo yakuda ikamabwera, mphepo itayamba kuulutsa mapepala pabwalo, tulutsani ana pakhonde anene kuti "It's going to rain," poti akuona ndi maso. Koma wokonda mpira akamati "I think Silver Strikers will win," ndi maganizo ake chabe.

Kumene simuyenera kulekerera ndi kamangidwe ka chiganizo. "I will going" ndi "I going to" zikonzedwe nthawi yomweyo: pambuyo pa "will" mneni amakhala wopanda chowonjezera, ndipo "going to" sayenda popanda "am", "is" kapena "are". Chinanso chovuta ndi "When I will finish school". Ife timati "ndikadzamaliza", -dza- ali momwemo, ndiye mwana amaona kuti "will" ayenera kukhalapo. Pambuyo pa "when", "if", "before" ndi "as soon as" salowapo: "When I finish school, I will look for a job." Ndipo "gonna" amene amamumva m'mafilimu ndi m'nyimbo auzeni kuti ndi wa pocheza, asamulembe pa mayeso.

Nkhaniyi ndimaikokomeza chifukwa satifiketi ya MSCE siituluka popanda kukhoza Chingerezi, komanso ana amenewa adzakhala pamaso pa olemba ntchito ku Kanengo kapena ku Capital Hill n'kufunsidwa za zolinga zawo. Choncho pochonga musangodula mzere pansi pa "will". Lembani pambali kafunso kakuti "waganiza liti?", mubweze kope, mwanayo akonze yekha chiganizocho n'kudzakuwerengerani mawa lake.