Masamba tinawasiya pa Mwanza: malangizo kwa a kwathu okhala ku Joni

Mnyamata wina wa kwathu amagwira ntchito yosamalira pabwalo kwa bwana wina cha ku Randburg. Kuseri kwa nyumbako kuli mabedi atatu a sipinachi, obiriwira ngati dimba la m'mbali mwa Linthipe. Wothirira ndi iyeyo, wopalira ndi iyeyo, wothyola n'kukapereka kukhitchini ndi iye yemweyo. Koma ikangokwana 1 koloko amasamba m'manja n'kutsetserekera ku spaza (kagolosale ka m'dera) kukagula kota: buledi woboola pakati, m'katimo tchipisi, polony, soseji ndi atchar, pambali botolo la zoziziritsa kukhosi. Nditamufunsa kuti bwanji sapemphako masamba angapo okaphika madzulo, anandiseka. Akuti masamba anadya okwanira kumudzi, kuno anabwera kudzadya nyama.

Sindinamukalipire, chifukwa maganizo amenewa ali mwa ambiri a ife. Kwathu nkhuku inkafa pa Khirisimasi kapena kukabwera mlendo, ndipo nkhwani wa tsiku ndi tsiku tinkauona ngati umphawi. Tafika kuno tapeza nthuli za nkhuku za m'jumbo pa shopu iliyonse, ndiye tikubwezera. Koma amayi ndi abambo, thupi silidziwa kuti tasamuka. Zomwe linkafuna ku Dedza likuzifunabe ku Mayfair, ku Rosettenville ndi ku Diepsloot. Tikamalimana, limayankha ndi kudzimbidwa, mimba yotsogola, BP ndi shuga, ndipo matenda awiri omalizawa amalowa mwakachetechete. Munthu umadzadziwa tsiku lomwe wagwa pa ntchito.

Kwathu alangizi timaphunzitsa magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, za m'gulu la nyemba, masamba, zipatso ndi mafuta. Tayang'anani mbale ya Mmalawi wa ku Joni: pap (nsima ya kuno), nyama, mafuta. Magulu atatu enawo anatsala pa Mwanza. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya magalamu osachepera 400 a masamba ndi zipatso patsiku, ndipo mbatata, chinangwa ndi mbatatesi siziwerengedwa nawo. Choncho tchipisi za mu kota zija musaziike m'gululi. Magalamu 400 asakuopseni. Agaweni pasanu: nthochi imodzi m'mawa, lalanje masana, kenako masamba ophika pa chakudya cha masana ndi chamadzulo. Masipuni aakulu atatu odzaza bwino ndiwo gawo limodzi, ndiye madzulo muike kawiri pamenepo. Mwa njira ina, masamba atenge malo aakulu m'mbale kuposa nthuli ya nyama, osati kakang'ono kokongoletsera pambali ngati ku resitilanti.

Kodi m'masambamo muli chiyani? Obiriwira kwambiri monga bonongwe, nkhwani, chisoso ndi mpiru amapatsa thupi vitamini A wothandiza maso ndi chitetezo, foleti amene mayi woyembekezera amamufuna kwambiri, ndi ayironi wopangira magazi. Muli potaziyamu, yemwe amathandiza kutsitsa kuthamanga kwa magazi. Mulinso tizingwe tija tosagayika, achipatala amati faiba, tomwe timakankha chimbudzi ndi kuchedwetsa shuga kulowa m'magazi. Ufa wa kuno ndi woyera mbee, wochotsedwa gaga yense. Lamulo la dziko lino kuyambira 2003 limakakamiza opanga ufa kuthiramo mavitamini ndi ayironi, zomwe ndi zabwino, koma gaga sabwezeretsamo. Wa ku mudzi wodya mgaiwa amakuposani pamenepo, ndipo chokuwombolani ndi ndiwo.

Za polony ndi masoseji ndinenepo mwachidule. Mu 2015 akatswiri a khansa a WHO anaika nyama zoterezi m'gulu la zinthu zoyambitsa khansa ya m'matumbo. Kulawa mwa apo ndi apo si mlandu. Kuzisandutsa chakudya cha masana sabata yonse ndiye vuto.

Ena amati masamba a kwathu kuno kulibe. Alipo, koma anasintha maina. Bonongwe Asotho amati thepe, Azulu amati imbuya, ndipo masamba onse a mtundu umenewu amawatcha morogo kapena imifino. Amayi a ku Zimbabwe ogulitsa m'misewu ya m'tauni ndi pamsika wa Yeoville amakhala ndi repu, covo, tsunga amene ndi mpiru wathu uja, ndipo nthawi ya mvula muboora, womwe ndi nkhwani. Sipinachi wa masamba aakulu ndi nthiti zoyera ali paliponse chaka chonse, kabichi naye chimodzimodzi. Dziwaninso kuti masamba, zipatso ndi nyemba zouma boma la kuno silizidula msonkho wa VAT, choncho pa ndalama yomweyo mumanyamula zambiri kuposa mukagula zophikaphika. Amene mumakhala pabwalo limodzi, mutu umodzi susenza denga: sonkhani, mutume mmodzi ku msika waukulu wa ku City Deep m'mamawa akagule thumba la kabichi, la anyezi ndi bokosi la tomato, mudzagawane.

Tsopano pa kaphikidwe, pomwe ndikufuna tikhalitsepo, chifukwa masamba ambiri amafera mumphika. Tsukani musanadule. Mukadula kaye n'kuviika m'beseni, zina mwa zofunika zija zimatsala m'madzi omwe mukataye. Madzi ophikira akhale ochepa, ongokwanira kuti pansi pasapserere, ndipo ayambe awira musanaponyemo masamba. Vundikirani. Repu, mpiru ndi sipinachi mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zakwana. Akasanduka akhaki, ofooka ngati chiguduli, mwapitirira. Msuzi wotsala musakhetse, susirani nsima.

Soda ndiye mdani amene tinamuzolowera. Ndikudziwa, achemwali, kuti nkhwani wothira soda kapena chidulo umafewa msanga ndipo umakhala wobiriwira mokopa, koma soda amawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B. Sadzulani bwino nkhwaniwo, sankhani nsonga zanthete, dulani mopyapyala, udzafewa wokha. Pa therere sindilimbana nanu kwambiri, koma sodayo akhale wa kunsonga kwa supuni basi. Chigwada chokha ndicho musachiphike mothamanga: chisinjeni bwino ndipo chiwire mokwanira mphika uli wosavundikira, chifukwa masamba a chinangwa osapsa ali ndi poizoni.

Mafuta pang'ono ndi ofunika, popeza vitamini A salowa bwino m'thupi popanda mafuta. Supuni imodzi kapena ziwiri pa mphika wa banja zakwana, osati masamba osambira. Koma njira ya agogo athu ndiyo yoposa zonse: kutendera. Nsinjiro zimabweretsa mafuta ndi zomanga thupi nthawi imodzi. Ngati zobwera pa basi kuchokera kwathu zatha, chiponde cha m'botolo chimagwira ntchito yomweyo, bola musankhe chopanda shuga, muchisungunule ndi madzi ofunda musanathire. Nsinjiro zikamanunkha chuku kapena kuwawa, tayani osadandaula, chifukwa chuku cha mtedza chimawononga chiwindi.

Tomato musamamuone ngati wongokometsa. Vitamini C wa mu tomato, mandimu kapena lalanje amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa m'masamba ndi nyemba. Tiyi amachita zosiyana, amatsekereza. Amene mumadandaula kuchepa kwa magazi, lekani kutsirizira nsima ndi kapu ya tiyi. Dikirani ola limodzi lidutse.

Mchere nawo tiunene. WHO imati tisafike magalamu 5 patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, kuphatikiza mchere wobisala m'buledi ndi m'zogula. Kuyambira 2016 dziko lino lili ndi lamulo lochepetsa mchere m'buledi, m'masoseji ndi m'supu wa m'mapaketi, koma ife timaubwezera tokha: mchere wa m'manja, kenako kachibulu ka supu, kenako zonunkhiritsa zachikasu zija zowaza pamwamba. Nkhuku ya m'jumbo nayo imabwera itabayidwa kale madzi a mchere. Sankhani chimodzi. Anyezi, adyo, tomato ndi tsabola zimakometsa ndiwo popanda kukweza BP, ndipo lilime limazolowera pakatha masabata ochepa.

Nyemba anthu anazisiya chifukwa cha magetsi, ndipo dandaulo limeneli ndi loona. Johannesburg ali pamtunda wopitirira mamita 1,700, kumene madzi amawira asanatenthe kwenikweni, cha pa madigiri 94. N'chifukwa chake nyemba zomwe ku Nsanje zikanapsa kale, kuno zimangogubuduka mumphika mayunitsi akutha. Chitani chonchi: ziviikeni usiku wonse, m'mawa mutaye madziwo, muthire ena. Ziwire mwamphamvu kwa mphindi 20. Kenako phulani mphika uli chivundikirire, muukulunge m'bulangete lochindikala, muuike m'katoni. Pakatha maola anayi kapena asanu muutulutse, muwiritsenso bwinobwino, n'kuthira tomato ndi anyezi. Phikani zambiri kamodzi, zina musunge mufiriji ya anzanu ngati mulibe yanu. Okhala ku Mayfair ndi Fordsburg muli ndi mwayi wina: m'mashopu a amwenye muli dhal wamitundumitundu. Yemwe amati toor dhal ndi nandolo wathu yemweyu wochotsa makoko, amene alimi a ku Mulanje ndi Phalombe amagulitsa kuti apite ku India. Dhal wofiira uja safuna n'kuviika komwe, amapsa nsima isanathe kuphikidwa.

Musandimve molakwa, sindikuti musiye nyama. Vitamini B12 m'masamba ndi nyemba mulibe, amapezeka m'nyama, nsomba, mazira ndi mkaka. Usipa, matemba, dzira kapena nsomba za m'chitini masiku ena pa sabata zimatseka mpata umenewo, makamaka kwa ana ndi amayi oyembekezera kapena oyamwitsa. Chomwe ndikupempha n'chakuti masiku atatu kapena anayi pa sabata mphika waukulu ukhale wa nyemba, khobwe, nandolo kapena soya, ndipo masamba asasowe tsiku ndi limodzi lomwe. Amene muli ndi vuto la impso, kapena mukumwa mankhwala a warfarin oletsa magazi kuundana, kambiranani ndi adokotala musanasinthe kadyedwe, chifukwa kwa inu kuchulutsa masamba mwadzidzidzi kungasokoneze zinthu. Ndipo pano ndikweze mawu: masamba si mankhwala a BP, shuga kapena ma ARV. Akubwera anthu pa WhatsApp ndi ufa wa chamwamba m'timabotolo, amvekere ukamwa uwu mapiritsi utaye. Chamwamba ndi ndiwo yabwino, thirani m'phala la ana, koma mapiritsi anu pitirizani.

Nanga wokhala m'kachipinda kamodzi kakuseri angalime? Angathe, ngati mwininyumba walola. Pezani ndowa zakale za malita 20, muzitsuke, muboole pansi mabowo angapo. Thirani dothi losakaniza ndi manyowa owola bwino, muziike pomwe dzuwa limawomba maola asanu ndi limodzi, ndipo kuno malo otero amakhala mbali yoyang'ana kumpoto. Ndowa imodzi imasunga mapando awiri kapena atatu a sipinachi. Pakatha miyezi iwiri mumayamba kuthyola masamba akunja, n'kusiya mtima kuti uziphukira, ndipo phando limodzi limakudyetsani miyezi yambiri. Inu ogwira ntchito m'minda ya mabwana, mbande zotsala pozulira musamataye ku zinyalala, pemphani.

Nyengo ya kuno muisamale, si ya kwathu. Juni ndi Julaye kumagwa chisanu choyeretsa udzu m'mamawa, chomwe chimapsereza bonongwe, nkhwani ndi chitambe usiku umodzi. Amenewa fesani chisanu chikatha, kuyambira kumapeto kwa Seputembala. Repu, mpiru ndi chomoliya zimakonda kuzizira, fesani Febuluwale mpaka Epulo kuti chisanu chidzazipeze zitakula. Sipinachi amapirira zonse ziwiri. Nthawi ya mvula matalala a kuno amang'amba masamba ngati mwadutsa mbuzi, ndiye kumwamba kukada bii madzulo, kokerani ndowa zanu pakhonde.

Chenjezo lina ndi la masamba omera okha. Mvula ikagwa chisoso ndi bonongwe zimadzaza m'mbali mwa misewu ndi m'mabwalo osiyidwa, ndipo Mmalawi akaziona dzanja limayabwa. Yang'anani kaye pomwe zamera. Musathyole pafupi ndi milu yachikasu ya dothi la m'migodi yomwe yazungulira kummwera kwa mzindawu, chifukwa dothi limenelo lili ndi zitsulo zapoizoni zomwe mbewu zimayamwa, ndipo kutsuka sikuzichotsa. Musathyole m'mbali mwa mtsinje wa Jukskei kapena pomwe pakuyenderera madzi a m'masuweji. Dothi lodzaza m'ndowa zanu nalonso musakatape malo amenewo.

Masamba akatchipa kapena akakuchulukirani, futsani monga ankachitira amayi athu. Aviikeni m'madzi owira mphindi ziwiri kapena zitatu, muwakhetse, muwayanike pa nsalu yoyera pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa la phwee lomwe limawononga vitamini A. Mpweya wa kuno kuyambira Epulo ndi wouma kwambiri, mfutso suchedwa. Masamba a msuku omangira chikwatu simuwapeza, koma botolo louma lotsekeka bwino likwanira.

Mbewu ya bonongwe musamagule chaka ndi chaka. Siyani phando limodzi lichite ngayaye mpaka ziume, muzipukusire m'pepala, mupete ndi mpweya wa pakamwa. Njere zake ndi zazing'ono ngati mchenga, ndiye pofesa sakanizani ndi mchenga womwewo kuti zisagwere malo amodzi, ndipo musazikwirire kwambiri. Za phando limodzi zimakwanira ndowa zanu zonse, n'kutsalako zoika m'bokosi la machesi zokapatsa anzanu kutchalitchi kapena kumzikiti.