Momwe ndinaziziritsira chipinda chathu ku Ndirande

Mwezi wa Okutobala chipinda chathu chinkatentha ngati uvuni. Denga la malata lopanda siling'i, zenera loyang'ana kumadzulo, mwana n'kumadzuka usiku thukuta lili kamukamu. Zinkandipweteka mtima.

Alamu anga anandifotokozera za nyumba za ku Yazd, m'chipululu cha ku Iran, zokhala ndi makoma ochindikala a dothi komanso nsanja zokokera mphepo. Nsanjayo sindikanaikwanitsa, koma nzeru yake ndinaitola: mpweya wotentha umakwera m'mwamba, ndiye umafuna potulukira.

Ndinachotsa njerwa zitatu m'munsi mwa denga, n'kuikapo waya wa sefa wotchinga udzudzu. Malata ndinawapaka penti yoyera, kunsi kwake ndinakhomako mphasa. Masana timatseka mazenera, dzuwa likalowa n'kutsegula. Mwana uja tsopano akugona mpaka tambala kulira.