Momwe mungaphunzitsire galu wanu masewera a agility ndi kumukonzekeretsa mpikisano

Agility ndi masewera amene galu amathamanga m'bwalo mwaikidwa zopinga zosiyanasiyana, monga mipiringidzo yodumpha, paipi yaikulu ya nsalu yolowamo, mizati yozembazemba ndi matabwa okwera, pamene mwini wake akuthamanga pambali kumuonetsa njira. Galuyo sakhala ndi chingwe m'khosi, mwini wake sanyamula chakudya m'manja, ndipo saloledwa kumugwira. Masewerawa anaonekera koyamba pa chionetsero cha agalu cha Crufts mumzinda wa London m'chaka cha 1978, pamene John Varley, mmodzi wa okonza chionetserocho, anapempha katswiri wophunzitsa agalu Peter Meanwell kuti apeze chinthu chosangalatsa anthu pa nthawi yopumula. Anatengera mpikisano wa mahatchi odumpha mipanda. Anthu anawakonda kwambiri moti mu 1980 bungwe la Kennel Club la ku Britain linawavomereza, ndipo masiku ano bungwe la FCI, loyang'anira za agalu m'maiko ambiri, limakonza mpikisano wa dziko lonse lapansi, umene mu 2013 unachitikira ku Johannesburg.

Anthu ambiri akaonera masewerawa pa YouTube amathamangira kukhoma zipangizo, n'kuyamba kumukoka galu ndi chingwe kuti adumphe. Pamenepo m'pamene zinthu zimasokonekera. Zopinga galu amaziphunzira msanga. Chimene chimadya nthawi ndi kumufikitsa poti pakati pa phokoso, fungo la nyama yootcha ndi agalu anzake, maso ake akhale pa inu, ndipo ntchito imeneyi imachitikira pabwalo lopanda chopinga chilichonse.

Yambani ndi thanzi komanso msinkhu wake

Musanaphunzitse kanthu, pitani naye kwa dotolo wa ziweto kuti akamupime miyendo, msana ndi mtima. Katemera wa chiwewe akhale wa nthawi yake, chimodzimodzinso katemera wa matenda ena a agalu, mankhwala a njoka za m'mimba ndi a nkhupakupa, popeza galu wa masewera amakumana ndi anzake ambiri. Ku Lilongwe bungwe la LSPCA ndi ku Blantyre bungwe la BSPCA ali ndi zipatala za ziweto zomwe zimapereka thandizo lotere.

Mtundu umene umapambana kwambiri pa mipikisano ikuluikulu ndi Border Collie, koma masewerawa sasankha mtundu. Galu wathu wamba wa m'midzi, wopyapyala, wamiyendo italiitali ndi wozolowera kutentha, ali ndi thupi loyenera kwambiri kuposa mmene anthu amaganizira. Amene amafunika kusamala ndi agalu olemera kwambiri ngati Boerboel, chifukwa kutera pansi kawirikawiri kumawapweteka m'mfundo, komanso amphuno zazifupi ngati Bulldog ndi Pug, amene amabanika msanga. Galu wonenepa ayambe wachepetsa thupi. Muyenera kumva nthiti zake mosavuta mukamusisita m'mbali.

Mafupa a kagalu amakhala asanakhwime kumapeto kwake mpaka kafike pafupifupi chaka chimodzi, ndipo mitundu ikuluikulu imachedwerapo. N'chifukwa chake malamulo a Kennel Club salola galu kupikisana asanakwane miyezi 18. Asanakwanitse chaka musamudumphitse m'mwamba kapena kumupinditsa pa mizati. Pali zambiri zoti achite m'miyezi imeneyi, ndipo ndi zomwe zikutsatirazi.

Pezani malipiro ake ndi liwu lomuuza kuti wakhoza

Galu amabwereza chimene chamubweretsera zabwino. Dulani chiwindi kapena nyama yophika m'tizidutswa tating'ono ngati nsawawa, kopanda mchere, anyezi kapena mafupa a nkhuku. Agalu ena amakonda kukokana chinsanza kapena kuthamangira mpira kuposa chakudya, ndipo amenewa ndi osavuta kuwathamangitsa. Sankhani liwu limodzi lalifupi, monga "Eya!", linenedwe pa mphindi yeniyeniyo imene galu wachita chinthu choyenera, kenako mphotho itsatire. Liwulo likachedwa ngakhale pang'ono, galu amaganiza kuti mukuyamikira chinthu china chimene wachita pambuyo pake.

Phunziro lililonse lisapitirire mphindi 5, koma lichitike kawiri kapena katatu pa tsiku, makamaka asanadye. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala phunzitsani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, ndipo madzi akhale pafupi, chifukwa galu amaziziritsa thupi popuma wefuwefu ndipo kutentha kungathe kumupha. Ndodo ndi kukalipa zisapezeke m'masewerawa. Galu amene amaopa kulakwitsa amayamba kuyenda pang'onopang'ono akukuyang'anani nkhope, ndipo liwiro limene lathawa chifukwa cha mantha silibwerera msanga.

Mangani maziko pabwalo lopanda kanthu

Pali zinthu zitatu zoyenera kukhazikika musanagule paipi ngakhale imodzi. Choyamba ndi kubwera mukamuitana. Yambirani m'nyumba, kenako pabwalo la mumpanda, kenako pamalo pamene pali nkhuku, ana ndi njinga, ali pa chingwe chachitali. Musamuitane kuti mumulange kapena kuti mumutsekere nthawi zonse, chifukwa adzaphunzira kuti kubwera kwa inu ndi mapeto a chisangalalo.

Chachiwiri ndi kudikira pamzere woyambira. Mukhazikeni pansi, sunthani phazi limodzi, bwererani, mupatseni mphotho ali pomwepo. Onjezerani mtunda pang'onopang'ono mpaka muthe kuyenda mamita 10, kutembenuka, ngakhale kuthamanga, iye osanyamuka mpaka atamva liwu lomumasula, monga "Tiye!". Pa mpikisano luso limeneli limakupatsani mwayi wotsogola zopinga ziwiri kapena zitatu galu asanayambe, ndipo ndi galu waliwiro simungachitire mwina.

Chachitatu, chimene ambiri amachiiwala, ndi kuthamanga nanu kumanja komanso kumanzere. Agalu ophunzitsidwa ulonda kapena kumvera amazolowera kumanzere kokha, pamene mu agility njira imakhotera kulikonse. Thamangani mozungulira, galu ali kunja kwa mzere umene mukuzungulirawo, kenako ali mkati, mukumupatsa mphotho ndi dzanja lomwe lili pafupi naye. Mukatero ikani chigubu kapena ndowa pansi, mumuphunzitse kuizungulira n'kubwerera kwa inu, kuyambira pafupi mpaka muzimutuma muli patali. Apa galu akuphunzira kuchoka pa inu molimba mtima ndi kukhota mothina, zomwe ndi theka la masewera onse.

Kudumpha ndi paipi yolowamo

Zodumpha mungathe kupanga nokha ndi mapaipi a pulasitiki a madzi kapena nsungwi zopepuka. Lamulo losasintha ndi lakuti mpiringidzo uzigwa wokha galu akaugunda. Musaukhomere kapena kuumanga ndi waya. Malo akhale a udzu kapena dothi lofewa lopanda maenje, osati simenti. Yambani mpiringidzo uli pansi penipeni, galu azingodutsa pakati pa mizati iwiri kuthamangira mpira umene mwaponya kutsogolo, kuti azolowere kuyang'ana kumene akupita m'malo moyang'ana dzanja lanu. Kwezani masentimita 5 nthawi imodzi, pakadutsa masabata. Pa malamulo a Kennel Club agalu ang'onoang'ono amadumpha masentimita 30, otsatira 40, ena 50, ndipo aakulu 60, malinga ndi kutalika kwa galu pa phewa.

Paipi ndi yosavuta. Ifupikitseni kuti galu aziona kuwala kutsidya, mnzanu amugwire kukhomo, inu mumuitane mbali inayo. Mukatero italikitseni, kenako ikhotetseni. Ipanikizeni ndi matumba a mchenga kuti isagubuduzike ali mkati.

Mizati yozembazemba

Ichi ndi chopinga chovuta kuposa zonse, chifukwa palibe chimene galu amachita mwachibadwa chofanana nacho. Pa mpikisano nthawi zambiri mizati imakhala 12 pamzere umodzi, yotalikirana masentimita 60, ndipo galu ayenera kulowa mzati woyamba uli kuphewa lake lamanzere, n'kuzemba uliwonse mpaka kumapeto osadumphako.

Njira yomutsogolera ndi nyama pamphuno imaoneka yachangu, koma ine sindiilimbikitsa, chifukwa galu amaphunzira kutsata dzanja ndipo mizatiyo saiona n'komwe. Tsiku limene dzanja lachoka, amasowa chochita. Njira yabwino ndi yakanjira. Zikani mizati m'mizere iwiri, woyamba, wachitatu ndi wachisanu kumanzere, wachiwiri, wachinayi ndi wachisanu ndi chimodzi kumanja, pakati pakhale mpata woti galu athamange mowongoka kupita ku mphotho imene ili kumapeto. Akamadutsa ndi liwiro kuchokera mbali iliyonse, inu muli kumanja kapena kumanzere, yandikizitsani mizereyo masentimita awiri kapena atatu. Pang'ono ndi pang'ono mapewa ake ayamba kukhudza mizati, thupi liyamba kupindika lokha, mpaka mizere iwiri ija isanduke umodzi. Gawo lovutitsitsa ndi masentimita omalizira. Akayamba kutulukira pakati, musamudzudzule. Bwezerani mpata pamene ankakhoza, mukhalepo masiku angapo. Palinso njira imene Susan Garrett wa ku Canada anaitchukitsa, yoyamba ndi mizati iwiri yokha n'kumawonjezera iwiriiwiri, ndipo ubwino wake ndi wakuti galu amadziwa bwino polowera. Njira iliyonse imene mwasankha, musamubwerezetse kambiri pa tsiku, popeza kupindika kumeneku kumalemetsa msana ndi mapewa.

Matabwa okwera ndi malo opakidwa utoto

Pali zopinga zitatu za mtundu uwu: matabwa awiri otsamirana ngati chilembo cha A, amene nsonga yake imafika mamita 1.7, mlatho wopapatiza wokwera pafupifupi mamita 1.2, ndi thabwa lopendekeka limene limagwera mbali ina galu akadutsa pakati. Kumapeto kwa chilichonse kuli gawo lopakidwa utoto wosiyana, ndipo galu ayenera kupondapo ndi phazi ngakhale limodzi. Lamuloli linaikidwa pofuna kuti agalu asamalumphe kuchokera pamwamba n'kuvulala.

Yambani ndi thabwa lili pansi, lopakidwa penti wosakaniza mchenga kuti lisaterere. Phunzitsani galu kuima kumapeto kwake, miyendo yakutsogolo ili pa dothi, yakumbuyo ili pathabwa, mpaka mutamumasula. Mphotho iziikidwa pansi pakati pa mapazi ake akutsogolo, kuti mutu uzikhala wotsika. Akadziwa malo amenewa, kwezani thabwa pa njerwa imodzi, kenako ziwiri. Pa thabwa lopendekeka chimene chimaopsa agalu ndi phokoso ndi kugwedezeka, choncho yambani ndi thabwa limene likusuntha pang'ono chabe, ndipo kugunda kulikonse kutsatidwe ndi mphotho. Zipangizo za msinkhu wathunthu zikhale zolimba ndi zosagwedera. Ngati mmisiri wanu sangazipange motero, ndi bwino kukhalabe pa thabwa lotsika kusiyana ndi kuti galu agwe kamodzi n'kudana nalo mpaka kalekale.

Lumikizani zopinga, ndipo phunzitsani thupi lanu

Yambani ndi zopinga ziwiri, kenako zitatu, mphotho ili kumapeto. Apa wophunzira wamkulu ndi inu. Galu amawerenga kumene mapazi ndi mapewa anu aloza komanso liwiro lanu asanamve mawu. Mukathamanga, iye amadziwa kuti njira ndi yowongoka. Mukachepetsa liwiro, amakonzekera kukhota. Akalowa chopinga cholakwika, nthawi zambiri ndi chifukwa chakuti thupi lanu linamutuma kumeneko ngakhale pakamwa panatchula china. Pemphani wina akujambuleni pa foni ndipo muzionera bwinobwino.

Phunzirani njira ziwiri zosinthira mbali. Yoyamba, mumatsogola galu n'kutembenuka moyang'anana naye kuti achoke kudzanja limodzi kupita ku linalo. Yachiwiri, mumamutuma kutsogolo kuti adumphe, inu n'kudutsa kumbuyo kwake. Chizindikiro chilichonse chiperekedwe galu asananyamuke pansi, chifukwa ali m'malere sangasinthe kumene akatere.

Kulowa mpikisano

Amene muli ku South Africa fufuzani makalabu amene ali pansi pa Kennel Union of Southern Africa. Amene muli ku Britain lembetsani galu ku Kennel Club, komwe ngakhale galu wosakanizika mitundu amalembedwa m'kaundula wa masewera, amayezedwa kutalika, ndipo amayambira giredi 1 kukwera mpaka 7. Kulikonse kumene muli, musanapikisane yeserani pa mabwalo achilendo pamodzi ndi agalu a anzanu, popeza galu wokhoza kwawo amatha kuiwala zonse pamalo atsopano.

Pa malamulo a FCI bwalo limakhala ndi zopinga pakati pa 15 ndi 22, zoikidwa manambala, ndipo woweruza amasintha kaikidwe kake pa mpikisano uliwonse. Eni agalu amapatsidwa mphindi zochepa zoyenda m'bwalomo opanda agalu. Gwiritsani ntchito nthawiyi kuloweza njira, kusankha posinthira mbali, ndi kuwerama pang'ono kuti muone chimene galu adzaone akamatuluka m'paipi. Kugwetsa mpiringidzo, kuphonya malo a utoto kapena kukana chopinga kumabweretsa zilango 5 chilichonse, kupitirira nthawi yoikika kumawonjezera zilango, ndipo kukana katatu kapena kulowa chopinga chosayenera kumachotsetsa galu pa ulendo umenewo. Wopambana ndi amene ali ndi zilango zochepa kuposa onse, ndipo akafanana pa zilango amapambana amene wathamanga nthawi yochepa.

Fikani msanga, mupatseni mpata wodzithandiza, ndipo mutenthetseni thupi poyenda ndi kuthamanga pang'ono kwa mphindi 10 musanalowe. Chakudya ndi mpira zisiyeni kunja kwa bwalo pamalo amene mungazifikire msanga mukangotuluka. Akasokoneza pamzere woyambira kapena pa malo a utoto, musasinthe malamulo amene mumatsata kunyumba chifukwa chofuna kumaliza, chifukwa agalu amazindikira msanga kuti pa mpikisano zinthu zimalekereredwa. Mukamaliza, muyendetseni pang'onopang'ono mpaka kupuma kwake kutakhazikika, mupatseni madzi, ndipo muyang'ane zikhadabo ndi kunsi kwa mapazi ake ngati kwang'ambika. Akaoneka akutsimphina tsiku lotsatira, apume ndipo aonedwe ndi dotolo asanadumphenso.