Mabiringanya a Mtundu Uti Angakuyendereni Bwino Kuno ku Mangochi?

Mabiringanya ndi mbewu yokonda kutentha, n'chifukwa chake amachita bwino m'madimba a m'mphepete mwa nyanja ya Malawi, ya Malombe ndi mtsinje wa Shire. Koma kutenthako kuli ndi malire. Amabereka bwino pamene kukutentha pakati pa madigiri 21 ndi 30. Kukapitirira 35, monga zimakhalira pa boma, ku Monkey Bay ndi ku Makanjira mu Okutobala ndi Novembala, maluwa amayoyoka asanagwire chipatso. Choncho musanayang'ane chithunzi chokongola cha papaketi, dzifunseni kuti mbewu yanu idzachita maluwa mwezi uti.

Mtundu wodziwika kwambiri m'masitolo a mbewu ndi Black Beauty. Zipatso zake n'zazikulu, zobulungira, zakuda monyezimira, ndipo tsinde limodzi limapereka zipatso 4 mpaka 6 zazikulu bwino. Umayamba kuthyoledwa pakadutsa masiku 75 mpaka 85 chiwokereni. Vuto lake ndi lomwe lija la maluwa: dzuwa likakula umataya ambiri, ndipo popeza zipatso zake n'zochepa kale, mlimi amaluza kwambiri. Mtundu uwu muufese mu Marichi kapena Epulo kuti ubereke nyengo yozizirirapo. Ku Namwera, komwe n'kokwera ndiponso kozizirirako, umapirira nthawi yaitali kuposa kunsi kuno. Ngati mukufuna kugulitsako kumalo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja, ophika ambiri amafuna zazikulu zoterezi chifukwa amazidula mapande n'kukazinga.

Pa khomo lofuna ndiwo za tsiku ndi tsiku, Long Purple ndiye wabwino koposa. Zipatso zake n'zazitali ngati nkhaka, masentimita 20 mpaka 25, khungu lopyapyala, njere zochepa. Amacha msanga, pafupifupi masiku 70, ndipo ngakhale maluwa ena atayoyoka, otsala amakhala ambiri. Safuna kusenda, mungodula n'kuponya mumphika wa usipa kapena kutendera ndi nsinjiro. Mtundu wina wotchedwa Ravaya nawonso umafulumira. Zipatso zake n'zazing'ono koma zambiri, zokwanira kuika pamulu pamsika.

Musaiwale zimphwa, zomwe ena amati impwa, zija zoyera kapena zobiriwira zowawirako pang'ono. Ndi mtundu wa kuno ku Africa, ndipo njere zake mungapemphe kwa mnansi.

Malangizo athu ndi akuti musadzale mtundu umodzi wokha. Banja la anthu 5 kapena 6 limakwanitsidwa ndi mitengo 12: 8 ya Long Purple ndi 4 ya Black Beauty kapena zimphwa. Galamu imodzi ya njere imakhala ndi njere zoposa 200, ndiye kapaketi kakang'ono n'kokwanira.

Papaketi onani zinthu ziwiri, tsiku lotha mphamvu ndi zilembo za F1. Mbewu ya F1 ndi ya haibulidi: imabereka kwambiri koma ndi yodula, ndipo njere zochokera m'zipatso zake sizibereka mofanana ndi kholo. Black Beauty ndi Long Purple mungasunge njere zake. Siyani chipatso cha pamtengo wathanzi mpaka chisanduke chachikasu kapena chofiirira, tsukani njerezo, muziyanike pamthunzi. Kumbukirani kuti njuchi zimasakaniza mitundu yoyandikana, kotero njere zosunga zizichokera pa mtengo wotalikirana ndi mtundu wina. Mapaketi otandikidwa padzuwa pamsika apeweni, kutentha kumapha njere.

Fesani m'mizere yotalikirana masentimita 10, kuya kwa sentimita imodzi, phimbani ndi udzu wouma. Zimamera pakati pa masiku 7 ndi 14, ndipo zikangotuluka chotsani udzuwo, muumangire kathandala pamwamba. Wokerani madzulo mbande zikafika masabata 5 kapena 6, zili ndi masamba 4 mpaka 6. Black Beauty amatambalala, mupatseni masentimita 90 pakati pa mizere ndi 60 pakati pa mapando. Long Purple ndi Ravaya akwana pa 75 ndi 50. Phando lililonse muthire manyowa owolerana okwana manja awiri odzaza, ndipo pakatha masabata atatu muwonjezere feteleza wa CAN wodzaza kachitsekerero ka botolo, motalikirako ndi tsinde.

Dothi nalo limasankha. Mchenga wa kunyanja umasunga tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu. Mtengo umapinimbira, umafota masana ngakhale mwathirira, ndipo mukauzula mupeza mizu yodzaza timfundo. Palinso matenda ofotetsa a bakiteriya, okonda dothi lotentha ndi lonyowa, omwe amagwetsa mtengo masamba akadali obiriwira. Kuti mutsimikize, dulani tsinde pafupi ndi dothi n'kuviika nsonga yake m'galasi la madzi oyera. Mukaona tizingwe toyera ngati mkaka tikutsika, ndi amenewo. Mankhwala ake palibe. Zulani, otchani, ndipo pamalopo musadzalepo mabiringanya, tomato, tsabola, mbatata ya kachewere kapena fodya kwa zaka zitatu, chifukwa zonsezi n'zapachibale ndipo zimadwala mofanana. Ikanipo chimanga. Ngati dimba lanu linagwidwapo kale, funsani alangizi kapena ogulitsa mbewu za mtundu wolembedwa kuti umapirira matendawa. Apa ndi pamene ndalama ya haibulidi imakhala yomveka.

Chilimwe chikafika pachimake amabwera akangaude ofiira. Tembenuzani tsamba: pansi pake mupeza timadontho tofiira toyenda ndi kaukonde, pamwamba pali mawanga otuwa. Amaswana kwambiri mbewu ikakhala ndi ludzu, ndiye thirirani mokwanira, phimbirani dothi ndi udzu, ndipo masamba ogwidwa kwambiri muwachotse msanga.

Thyolani khungu likadali lonyezimira. Dinani ndi chala: likabwerera, chipatso chakwana. Chikayamba kuzimirira, njere zakhwima ndipo chiyamba kuwawa. Dulani ndi mpeni, musiye kaphesi ka masentimita awiri, chifukwa kukoka kumang'amba nthambi. Long Purple muzimuyendera kawiri pa sabata, popeza zipatso zosiyidwa kukalamba pamtengo zimaletsa maluwa atsopano.